Amene Amaveka Mkango Chisoti

Wokamba nthano ali ndi mwayi umene wojambula zithunzi alibe. Akangoti padali mkango, ntchito yake yatha: aliyense womvera amadziumbira mkango wakewake m'mutu, mwana uyu n'kuupatsa nkhope ya mphunzitsi wamkulu, uyo ya amalume ake aukali aja. Wojambula alibe pothawira. Pepala limamufunsa mafunso amene pakamwa pamalumpha. Mkangowo waima ndi miyendo inayi kapena iwiri? Wavala kapena ayi? Ngati wavala, chovalacho ndi cha munthu wotani? Wakhala pathanthwe kapena pampando? Nanga nyama zinzake zikuuyang'ana m'maso kapena zazolika? Poyankha mafunso amenewa wojambula amakhala akuweruza nkhani ya anthu, ya olamula ndi olamulidwa, ngakhale bukulo likhale la mwana wa Sitandade 2.

Ojambula ena amaika mphamvu m'thupi la nyama, m'mano ndi m'zikhadabo, moti woona chithunzi amachokapo atakhulupirira kuti wamkulu anabadwa wamkulu ndipo wodyedwa anabadwira kudyedwa. Ena amaiika m'chovala, m'mpando ndi m'kaimidwe, zinthu zimene munthu amachita kupatsidwa ndipo angathe kulandidwa. Ine ndili kumbali ya achiwiriwa, ngakhale kuti zithunzi zokongola koposa kawirikawiri zimachokera kwa oyamba aja.

Ku France ndiko nkhaniyi imaonekera bwino, chifukwa kumeneko buku limodzi la nthano lajambulidwa mobwerezabwereza kwa zaka zoposa 300, m'badwo uliwonse n'kusiya maganizo ake pa nyama zomwezomwezo. Jean de La Fontaine anatulutsa nthano zake zoyamba 124 mu 1668, zambiri zotengedwa kwa Aesop, nazipereka ngati mphatso kwa mwana wa Mfumu Louis XIV, kamnyamata ka zaka 6. Bwalo lachifumu La Fontaine ankalidziwa, ndi kuopsa kwake komwe. Amene ankamusamala pa ndalama anali Nicolas Fouquet, mkulu woyang'anira chuma cha dziko. Mu Ogasiti 1661 Fouquet anakonzera mfumu phwando ladzaoneni kunyumba yake ya Vaux-le-Vicomte; pasanathe mwezi umodzi anali atamangidwa, ndipo anakafera kundende mu 1680. Munthu woti waona zotere akamalemba za mkango, maganizo ake sakhala kuthengo.

Tengani nthano yake ya mliri, imene inatuluka mu 1678. Nyama zikufa, ndipo mkango waitanitsa msonkhano kuti aliyense aulule zolakwa zake, wochimwitsitsa aperekedwe nsembe. Mkango uyamba wokha: wadya nkhosa zambiri zosalakwa, nthawi zina ndi mbusa yemwe. Nkhandwe iimirira n'kunena kuti pamenepo palibe tchimo, nkhosazo zinachita kulemekezedwa podyedwa ndi mfumu. Zilombo zina zamano palibe wolimba mtima kuzifunsa zambiri. Kenako bulu aulula kuti tsiku lina, njala itamupweteka, anabudulako udzu pang'ono m'dambo la amonke. Bwalo lonse lifuula, mmbulu wodziwako za malamulo uimba mlandu, ndipo bulu ndiye aphedwa. Wojambula akapatsidwa nthano iyi ayenera kusankha: kodi akujambula nyama zitaunjikana m'chigwa, kapena khoti?

François Chauveau, amene anakongoletsa buku la 1668, anaika tizithunzi ting'onoting'ono pamwamba pa nthano, nyama zili monga nyama, ndipo mbola yonse anaisiyira mawu. Jean-Baptiste Oudry anapita nayo patali njira imeneyi. Iyeyu anali wojambula ulenje wa Mfumu Louis XV, ndipo agalu osaka a mfumu ankawajambula mmodzimmodzi, dzina la galu n'kulilemba pachithunzi pomwepo. Pakati pa 1729 ndi 1734 anajambula zithunzi 276 za nthano za La Fontaine, zimene zinadzasindikizidwa m'mabuku anayi akuluakulu kuyambira 1755 mpaka 1759. Ubweya wa nyama za Oudry ungalakelake kuusisita. Mitengo, mitsinje ndi nyumba zachifumu zimadzaza tsamba mwadongosolo, moti nkhanza ya m'nthano imasanduka kachigawo ka malo okongola. Mabuku amenewo anali okwera mtengo kwambiri. Amene akanatha kuwagula anali a kubanja la mkango ndi nkhandwe zake, ndipo palibe tsamba limene likanawasowetsa tulo.

Zinthu zinasintha ndi munthu wa ku Nancy, Jean-Ignace-Isidore Gérard, wobadwa mu 1803, amene ankasaina dzina loti Grandville. Dzinalo analitenga kwa agogo ake omwe anali azisudzo, ndipo uzisudzowo umaoneka m'ntchito yake yonse: kwa iye tsamba ndi bwalo la sewero, ndipo aliyense wolowamo amalowa atavala gawo lake. Anatchuka cha mu 1829 ndi zithunzi zoposa 70 zotchedwa Les Métamorphoses du jour, zosonyeza anthu a mu Paris, matupi ndi zovala zili za anthu koma mitu ili ya nyama. Boma litasintha mu 1830 analowa gulu la Charles Philipon, lomwe linkatulutsa nyuzipepala za makatuni, La Caricature ndi Le Charivari, zonyogodola Mfumu Louis-Philippe ndi nduna zake. Ntchitoyo inali yoika moyo pachiswe. Mnzake Honoré Daumier anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 6 mu 1832 chifukwa cha chithunzi chimodzi cha mfumu.

Mu Julayi 1835 munthu wina dzina lake Fieschi anayesa kupha mfumu pamsewu, anthu 18 n'kufa. Boma linapezerapo mpata. Malamulo a Sepitembala chaka chomwecho anati chithunzi chilichonse chiziyamba chaonedwa ndi akuluakulu a boma chisanasindikizidwe, pomwe nkhani zolembedwa sanaziike pa muyeso umenewo. Maganizo a boma anali oti mawu amalankhula ndi nzeru za munthu pomwe chithunzi chimalankhula ndi maso, ndipo chimafika ngakhale kwa wosadziwa kuwerenga. Pamenepa boma linkanena zoona, ndipo n'zimene wojambula aliyense ayenera kudziwa za mphamvu ya dzanja lake. La Caricature inatsekedwa. Grandville anatembenukira ku mabuku, ndipo mu 1838 kunatuluka nthano za La Fontaine zokhala ndi zithunzi zake. Munthu amene analetsedwa kujambula nduna anayamba kujambula nkhandwe, ndipo owerenga sanafune wowamasulira.

Luso lake lagona pa zinthu ziwiri zimene amazigwira nthawi imodzi popanda kutayapo chimodzi. Mutu wa nyama amaujambula molondola ngati wa m'buku la sayansi: mlomo wa mbalame, maso a chiwala, makwinya a pamphuno pa galu, zonse zili m'malo mwake. Chovala nachonso amachijambula molondola ngati telala. Mu Paris wa nthawi imeneyo chovala chinkanena zonse za munthu. Wantchito zamanja ankavala malaya otaya a nsalu yolimba, wamalonda ndi wa mu ofesi jekete lalitali ndi chipewa chachitali, wantchito wa m'nyumba ya bwana yunifolomu ya mabatani, woweruza mkanjo. Woona chithunzi ankadziwa msanga kuti uyu amadya kangati pa tsiku. Koma pamene pali nzeru zenizeni ndi pokumanira ziwirizi. Yang'anani pakhosi, pamene ubweya umalowa mu kolala. Yang'anani kumbuyo, kumene mchira umatulukira pansi pa jekete, ndi kumapazi, kumene zikhadabo zimakana kukhala ngati phazi la munthu. Chovala pa nyama za Grandville chimakhala ngati suti yobwereka ya paukwati: chikongole bwanji, aliyense akuona kuti mwiniwake ndi wina. Wojambula wosadziwa akanayesetsa kubisa msoko umenewu kuti chithunzi chioneke chosalala. Grandville amausiya poyera, chifukwa uthenga uli pomwepo. Ulemu wa bwana uja ndi nsalu chabe, pansi pake pali cholengedwa cha njala ndi mantha monga zinzake.

Anali ndi kachitidwe kenanso kamene ndimakakonda. M'zithunzi zina nyama zimachita nthano kutsogolo, ndipo chakumbuyo, patali pang'ono, tianthu ting'onoting'ono tikuchita zofanana nazo. Diso limayamba laseka nyama, kenako n'kugwera pa anthuwo, kuseka kuja n'kusintha kakomedwe.

Kuti muone kusiyana kwa njira, ikani Grandville pambali pa Gustave Doré, amene zithunzi zake za nthano zomwezi zinatuluka patapita zaka pafupifupi 30. Nthano yoyamba m'buku ndi ya nyenje imene inaimba dzinja lonse la chakudya, chisanu chitafika n'kukapempha kwa nyerere, nyerere n'kuikaniza. Jean-Jacques Rousseau anadandaula kale mu 1762 kuti mwana akamva nthano iyi amasankha kukhala nyerere, ndipo chimene amaphunzira ndi kuuma mtima. Grandville anasunga tizilombo tonse tiwiri: nyerere yavala ngati mayi wa pabanja lopeza bwino, yaima pakhomo pake, nyenje ili panja ndi gitala. Doré anachotsamo tizilombo. Anajambula mtsikana wanthete atanyamula vayolini, wazolika kutsogolo kwa nyumba m'chisanu, mayi mwini nyumba ali pakhomo, ana akuyang'ana. Chithunzi cha Doré chimagwira mtima, ndipo sindingakane kuti n'chopambana pa kuwala ndi mthunzi. Koma chimene chimadzutsa ndi chisoni pa mtsikana mmodzi ameneyu. Cha Grandville chimadzutsa funso pa gulu lonse la anthu osunga makiyi a nkhokwe. Mutu wa nyerere pa diresi labwino ukukuuzani kuti khalidwe ili ndi la onse ovala chonchi, ndipo likuoneka lonyozeka chifukwa wovalayo ndi kachilombo kakang'ono kodzitukumula pa kachilombo kanzake.

Pa nthano ya mmbulu ndi mwanawankhosa m'pamene njira ya Doré imaonetsa polekezera pake. Iye anajambula mmbulu weniweni ndi kamwana ka nkhosa kenikeni pamtsinje, ndipo mantha ali tsamba lonse. Koma kumbukirani zimene zimachitika m'nthanoyo. Mmbulu sumangolumpha n'kudya. Umayamba waimba mlandu: wandidetsera madzi. Kamwanako kayankha kuti kakumwera kumunsi. Ndiye unandinyoza chaka chatha. Kayankha kuti kanali kasanabadwe. Ndiye anali mbale wako, kapena wina wa kwanu. Zifukwa zitatha m'pamene mmbulu udya. Mmbulu wa kuthengo sufuna chifukwa. Amene amafuna chifukwa ndi munthu waudindo, amene sakhutira ndi kulanda kokha koma amafunanso kuti kulandako kutchedwe chilungamo. Mtima wa nthanoyi ndi mlandu wabodzawo. Chithunzi cha chilombo cholusa pamtsinje chimautaya mtima umenewu, n'kutisiyira phunziro limene La Fontaine sanalembe, loti zinthu zinalengedwa choncho ndipo wanzeru ndi wongothawa. Apa m'pamene ndimati kukongola kungathe kunamiza. Wojambula akafuna kusunga mlandu uja ayenera kupeza njira yoonetsera mmbulu ukulankhula ngati wozenga mlandu, kaya ndi chala choloza, kaya ndi chovala, kaya ndi kaimidwe kokha.

Grandville anafika pachimake ndi buku la Scènes de la vie privée et publique des animaux, limene Pierre-Jules Hetzel anatulutsa m'zigawozigawo kuyambira 1840 mpaka 1842, alembi ngati Balzac akulemba nkhani zake. Limayamba ndi nyama za kumalo osungirako nyama a Jardin des Plantes zitasonkhana usiku ngati nyumba ya malamulo, kukambirana zodzimasula kwa munthu, ndipo zimatsiriza n'kugwirizana kuti zilembe mbiri zawo. M'nkhani ina mpheta ya mu Paris imayendera dziko la nyerere, ufumu wa njuchi ndi dziko la mimbulu pofunafuna boma labwino koposa. Zonsezi zinkasindikizidwa malamulo a 1835 aja akugwirabe ntchito. Ku Germany nako, mu 1846, Wilhelm von Kaulbach, wojambula wa kubwalo la mfumu ya Bavaria, anajambula nthano ya nkhandwe Reineke monga anailembera Goethe: mkango wovala chisoti, nduna zosyasyalika, atsogoleri a mpingo adyera, ndi nkhandwe yakupha ndi yabodza imene pomaliza imakwezedwa kukhala nduna yaikulu. Wodya za mfumu anajambula bwalo la mfumu motero, nyama zikumuteteza.

Wina angaganize kuti m'mabuku a ana mulibe zoterezi. Mulimo, ndipo m'menemo ndimo zimalowa mozama chifukwa mwana satsutsa. Beatrix Potter wa ku England ankaidziwa bwino ntchito ya chovala. M'buku lake la 1902, kalulu Peter akalowa m'dimba la bambo wina dzina lake McGregor atavala jekete labuluu ndi nsapato amayenda ngati kamnyamata. Pothawa amataya nsapato, jekete limakodwa mu ukonde, ndipo wojambula amamugwetsa pa miyendo inayi: wasanduka ndiwo, monga bambo ake amene anaphikidwa m'nyumba ya McGregor yemweyo. Tsamba limodzi lokha likuonetsa kuti pakati pa mwana wa munthu ndi nyama yosakidwa pali kansalu basi. Mu 1905 Potter anajambula Tiggy-winkle, kanungu kochapa ndi kusita zovala za nyama zina, kovala epuloni, manja atachita makwinya ndi sopo. Kumapeto kwa buku mtsikana wa m'nkhaniyo akacheuka amaona kuti wochapa uja alibenso chovala chilichonse, ndi kanungu chabe kakuthawira kuphiri. Ndi tsamba lokoma, komanso limandiwawa, chifukwa umu ndi mmene wantchito wa m'nyumba amaonekera kwa omulemba ntchito: munthu pamene akusita, ntchito ikatha n'kuzimiririka.

The Wind in the Willows ya Kenneth Grahame, ya 1908, imene E. H. Shepard anaijambula mu 1931, ilibe chisoni chotero. Chule wolemera, mwini nyumba yaikulu, amaba galimoto n'kuthawa kundende koma amakhalabe wokondedwa. Alikongwe a m'nkhalango amene alowa m'nyumba yake amathamangitsidwa ndi zibonga, owerenga akuwomba m'manja. Zithunzi za Shepard n'zofatsa kwambiri moti sufunsa n'komwe kuti a m'nkhalangowo ankagona pati.

Kwa ife a mu Africa buku lofunika kuliyang'anitsitsa ndi la njovu Babar, limene Jean de Brunhoff anatulutsa ku Paris mu 1931. Mlenje apha mayi ake a Babar, iye athawira mumzinda, mayi wina wachikulire wolemera amupatsa ndalama, agula suti yobiriwira, aphunzira kuyenda ndi miyendo iwiri ndi kuyendetsa galimoto. Abwerera kwawo pa galimoto pomwe mfumu ya njovu yangofa kumene itadya bowa woipa, ndipo akuluakulu amuveka ufumu chifukwa wakhala pakati pa anthu ndipo waphunzira zambiri. Onani tsamba la kubwerako: wovala waima chilili, osavala ali pa miyendo inayi. Apa chovala chikugwira ntchito yosemphana ndi ya Grandville. Suti ya Babar imamukhala bwino, msoko suoneka, ndipo buku likuuza mwana kuti woyenera kulamula ndi amene wavala za mzungu. Bukuli linatuluka chaka chimene Paris inachititsa chionetsero chachikulu cha maiko amene France inkalamulira. Mlembi wa ku Chile, Ariel Dorfman, analitsutsa bukuli pa mfundo yomweyi, ndipo ndikugwirizana naye. Choncho kuveka nyama pakokha sikupulumutsa wojambula. Nkhani ili pa kuti chovalacho akuchionetsa ngati chobwereka kapena ngati khungu latsopano.

Luso limeneli lili ndi ngozi imene ngakhale Grandville sanaizembe kwathunthu. Kalekale ku Ulaya kunali chikhulupiriro choti nkhope imaulula mtima. Charles Le Brun, wojambula wamkulu wa Louis XIV, anajambula mitu ya anthu pambali pa mitu ya nyama pofuna kusonyeza kuti wofanana ndi mkango ndi wolimba mtima ndipo wofanana ndi bulu ndi wopusa. Ukatsata maganizo amenewa, mutu wa nyama umasiya kukhala chida chonyodolera khalidwe n'kukhala chidindo cha mtundu wa anthu. Munthu angathe kusiya umbava, koma khoswe sangasiye ukhoswe. Chipani cha Nazi mu 1940 chinatulutsa filimu yofanizira Ayuda ndi makoswe. Ku Rwanda mu 1994 wailesi inkatcha Atutsi mphemvu. Nyama ya m'nthano ikaloza pansi, kwa ofooka, imakhala chilolezo chophera. N'chifukwa chake funso loyamba kufunsa pa chithunzi chotere ndi lakuti chikuloza kuti: kumpando kapena kwa okhala pansi.

Amene analimbana ndi ngozi imeneyi maso ndi maso ndi Art Spiegelman wa ku America, m'buku la makatuni la Maus, limene linatuluka m'magawo awiri mu 1986 ndi 1991 n'kulandira mphotho ya Pulitzer mu 1992. Akusimba za bambo ake amene anapulumuka kundende ya chipani cha Nazi ya Auschwitz, ndipo Ayuda anawajambula ngati mbewa, Ajeremani ngati amphaka, anthu a ku Poland ngati nkhumba. Anatenga dala chida cha adani a bambo ake, kenako n'kuchithyola owerenga akuona. Myuda akamadzibisa kuti aoneke ngati wa ku Poland amavala chigoba cha nkhumba, chingwe chomangira chikuoneka kunkhongo. M'gawo lachiwiri Spiegelman amadzijambula yekha ali patebulo lake, munthu wovala chigoba cha mbewa. Chingwe chimenecho ndi msoko uja wa Grandville utafika pa nkhani ya imfa ndi moyo. Chikukumbutsa woona kuti kugawa anthu m'mitundu ya nyama ndi bodza limene wina anachita kumanga. Anthu ena a ku Poland anakhumudwa ndi nkhumba zija, ndipo dandaulo lawo lili ndi pomveka; chida ichi chimacheka ngakhale chili m'dzanja losamala.

Kufupi ndi kwathu kuno, chitsanzo chimene chimandisonyeza kukula kwa mphamvu ya kanthu kakang'ono chinachitika ku Zimbabwe mu 2001. Makina osindikizira a nyuzipepala ya Daily News anaphulitsidwa ndi bomba mu Januwale. Chaka chomwecho nyuzipepalayo, mkonzi wake ali Geoffrey Nyarota, inayamba kusindikiza m'zigawo Animal Farm ya George Orwell, buku la 1945 lonena za nkhumba zimene zinatsogolera nyama kuchotsa mlimi n'kusanduka alimi ankhanza. Mawu a Orwell sanawasinthe. Wojambula anangoveka nkhumba yolamula ija, Napoleon, magalasi akuluakulu a felemu yochindikala, ofanana ndi amene Robert Mugabe ankavala. Buku lolembedwera Soviet Union linasanduka nkhani ya ku Harare chifukwa cha mizere ingapo ya inki.

Ifenso nyama za ulamuliro timazidziwa. Pa chizindikiro cha dziko la Malawi pali mkango, kambuku ndi nkhwazi. Kamuzu Banda ankatchedwa Mkango wa Malawi, chipani chake chili ndi tambala wakuda, ndipo Jack Mapanje, amene buku lake la ndakatulo la 1981 lili ndi bilimankhwe m'dzina lake, anakhala kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Nthano zathu nazo n'zodzaza ndi mabwalo a milandu, mafumu ndi akapitawo. Komabe mkango wa m'mabuku ambiri a zithunzi amene ana athu amagwira umavala chisoti chagolide cha nsonga, cha mafumu a ku Ulaya, chimene mwana wa ku Dowa kapena ku Katete sanachionepo pamutu pa wina aliyense. Mkango wotero suopsa, suseketsa, ndipo sukumbutsa mwana za munthu aliyense. Mphamvu imene mwanayo amaidziwa imakhala pampando pamene ena ali pamphasa. Imafika pa galimoto yaikulu msonkhano utadikira kuyambira m'mawa. Imagwira litchowa, kapena chidindo, kapena kaundula wa maina a olandira makuponi. Zimenezi ndizo zovala za mkango wathu, ndipo zikudikira wozijambula.

Ganizirani nthano ya chitsime. Chilala chavuta, nyama zonse zikumba, Kalulu akana. Madzi atatuluka iye abwera ndi uchi, anyengerera mlonda mmodzimmodzi, kum'manga n'kutunga, ndi kusamba m'chitsimemo, mpaka Fulu wonyozeka uja ndiye amugwira. Pokamba pamoto, wina angathe kumukonda Kalulu ameneyu pomwe wina akumuda, ndipo nthano imalola zonse ziwiri. Papepala muyenera kusankha. Mukamuveka kabudula wong'ambika, ndi mwana wamasiye amene akupulumuka ndi nzeru pakati pa akuluakulu amene sakanamupatsa dontho. Mukamuveka suti ndi chikwama cha m'manja, ndi uja amene sakhalapo pa chitukuko koma amakhala woyamba pogawana, ndipo uchi uja dzina lake tonse tikulidziwa. Alonda aja nawo, Fisi ndi anzake, kodi avale yunifolomu? Nanga Fulu, amene wagwira wakuba akuluakulu onse atalephera, akhale nkhalamba ya chigamba pabondo kapena mayi wa chitenje chofwifwa? Zithunzi ziwirizi zingatuluke m'mawu amodzimodzi, koma ana amene adzazione adzakula ndi maganizo osiyana pa za kuchenjera ndi kuba.

Kwa ojambula athu, ndi kwa osindikiza mabuku amene amawalemba ntchito: musanayambe kujambula nthano, khalani pansi mugwirizane kuti nyama iliyonse ndi ndani m'mudzi ndi m'tauni ya lero. Pitani kubwalo la milandu, kumsika ndi kudepoti mukaone mmene anthu amaimira pamaso pa owaposa, kumene amaika manja ndi kumene amaponya maso. Mutu wa nyama muujambule moona, chovala muchitenge kwathu konkuno, ndipo pakhosi pamene ziwirizi zikumana musapafafanize. Osindikiza nawo alipire wojambula nthawi yochitira zimenezi, aleke kumuitana buku litatha kale kuti angodzaza mipata yotsala.